Nkhokwe Yakale Isaphwasulidwe Chimanga Chisanawerengedwe

Mlimi wa m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi akaona kuti nkhokwe yake yadyedwa ndi chiswe, sathamangira kuigwetsa ai. Amayamba waluka ina yatsopano, naiimika pa mitengo yolimba, naifolera bwino. Akatero amatuta chimanga ndi dengu, ndipo amawerenga madengu amene atuluka m'nkhokwe yakale ndi amene alowa m'nkhokwe yatsopano. Chiwerengero chikafanana mbali zonse ziwiri, ndi pamene amatenga nkhwangwa ndi kusandutsa nkhokwe yakale ija nkhuni. Chimanga cha mbeu sachisunga pamodzi ndi cha chakudya. Amachipachika kutsindwi kwa nyumba yophikira, kuti nkhokwe ikapsa kapena ikalowedwa ndi mbala, banja lisasowe chobzala.

Nzeru imeneyi, imene mwana aliyense wa kumudzi amakula akuiona, ndi imene ikufunika kwambiri masiku ano m'maofesi a Boma. Chuma chachikulu cha maofesi amenewa si mipando kapena magalimoto, koma kaundula: maina a nzika, zaka zao, midzi yao, zithunzi ndi zidindo za zala zao. Kale zonsezi zinkakhala m'mabuku ndi m'mafayilo. Lero zikukhala m'makompyuta aakulu otchedwa seva, amene amasunga zolembedwa za anthu mamiliyoni ndi kuzipereka kwa makompyuta ena akazifuna.

Seva, monga nkhokwe, imakalamba. Imadzaza, imaonongeka, kapena pangano ndi kampani imene idaikhazikitsa limatha. Ikafika nthawi yotero, kaundula yense ayenera kukoperedwa ndi kusamutsidwira ku seva ina. Ambiri amaiyesa ntchito imeneyi kanthu kakang'ono ka anyamata a makompyuta, kochitika usiku anthu atagona. Maganizo otere ndi olakwika ndiponso oopsa. Tsiku losamutsa kaundula ndi tsiku limene dzina la munthu lingathe kutayika popanda wina kuzindikira, ndipo mkulu wa ofesi amene saikapo mtima pa tsikulo wathawa udindo wake.

MAINA A M'MAPIRI

Anthu a ku Dowa ndi Ntchisi si alendo pa nkhani ya kulembedwa m'makina. Njala itavuta kumpoto kwa boma la Dowa m'nyengo ya 2006 ndi 2007, bungwe la Concern Worldwide lidathandiza mabanja pafupi-fupi 11,000 ndi ndalama, ndipo ndalamazo ankalandira kudzera ku banki ya Opportunity International, pogwiritsa ntchito makadi ndi zidindo za zala. Kumapeto kwa 2013 ndi kumayambiriro kwa 2014, bungwe la United Nations loona za anthu othawa kwao, la UNHCR, lidasankha msasa wa Dzaleka, m'boma lomweli la Dowa, kuti liyesereko njira yake yatsopano yolembera anthu ndi zala, maso ndi nkhope. Anthu pafupi-fupi 17,000 adalembedwa pa nthawiyo.

Ntchito yaikulu koposa idadza m'chaka cha 2017. Kalembera wa unzika adayamba pa 24 May, ndipo Dowa ndi Ntchisi adali m'gawo loyamba. Alembi adakwera zitunda ndi kutsika zigwa atanyamula makina ojambulira, mwa makina 2,000 amene adagawidwa m'dziko lonse, ndipo pofika November anthu oposa 9 miliyoni adali atalembedwa. Popeza midzi yambiri idalibe magetsi kapena netiweki, zimene makina aliwonse adajambula zidayenera kukoperedwa pambuyo pake ndi kutumizidwa ku seva yaikulu ya National Registration Bureau ku Lilongwe. Ndiye kuti chiphaso cha unzika chimene mayi wa ku Malomo kapena bambo wa ku Madisi amasunga m'chikwama chidabadwa mwa kukopera zolembedwa kuchoka m'makina ena kupita m'makina ena.

Kuchokera nthawi imeneyo, zambiri zapachikidwa pa chiphaso chimenechi. Munthu amachionetsa polembetsa m'kaundula wa zisankho, potsekula buku ku banki ndi polembetsa nambala ya foni. Ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020, mlimi ankagula feteleza makina atawerenga chiphaso chake ndi kupeza dzina lake. Mabanja olandira Mtukula Pakhomo nawonso amasungidwa m'kaundula wa pa kompyuta. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 310,000 m'boma la Ntchisi, ndipo ochuluka mwa iwo ndi alimi odalira mvula ya chaka chimodzi.

Munthu angayerekeze mayi wamasiye wa kuseri kwa phiri la Ntchisi amene walawira mbandakucha, wayenda mtunda wautali wapansi, waima pa mzere mpaka dzuwa kupendeka, ndipo pofika pa thebulo akuuzidwa kuti makina sakumudziwa. Mlembi wa pamalopo sangathe kumuthandiza, pakuti cholakwa sichidachitikire pamenepo. Chidachitikira m'chipinda chozizira cha ku likulu, miyezi ingapo m'mbuyomo, pamene wina adakopera kaundula mothamanga ndi kupita kwao osawerenga. Mayiyo adzabwerera chimanja-manja, mvula sidzamudikira, ndipo njala ya chaka chimenecho idzalowa m'nyumba mwake chifukwa cha mzere umodzi umene udagwa panjira.

M'MENE DZINA LIMATAYIKIRA

Nkofunika kuti akulu-akulu a m'maofesi adziwe m'mene ntchitoyi imayendera, chifukwa munthu sangayang'anire chimene sachidziwa. Pokopera kaundula, katswiri amayamba watulutsa zonse ziri m'seva yakale ndi kuzimanga m'fayilo imodzi yaikulu. Fayiloyo imayenda pa netiweki kapena imanyamulidwa pa chipangizo chosungira zinthu, ndipo ikafika imamasulidwa ndi kulowetsedwa m'seva yatsopano. Pa sitepe iriyonse mwa zitatuzi pali poterera.

Choyamba ndi nthawi. Ngati kope latengedwa Lachisanu m'mawa, koma alembi a ku Mponela ndi ku Mvera akupitirizabe kulemba anthu m'seva yakale mpaka madzulo, onse olembedwa masana amenewo sadzapezeka m'seva yatsopano. Nchifukwa chake pa ntchito yolongosoka maofesi onse amauzidwa ola limene kulemba kuyenera kuima, kapena pamakonzedwa njira yoti zolembedwa mochedwa zitsatire pambuyo.

Chachiwiri ndi ulendo weni-weniwo. Magetsi akazima kapena netiweki ikaduka pakati pa ntchito, fayilo ingathe kufika yoduka mchira, koma nkumaoneka ngati yathunthu. Akatswiri ali ndi njira ya masamu yopimira zimenezi. Makina amawerengera nambala imodzi yaitali kuchokera ku zonse ziri m'fayilomo, ndipo ngakhale chilembo chimodzi chikasintha panjira, nambalayo imasinthanso. Kuyerekeza nambala ya pochoka ndi ya pofika kumatenga mphindi zowerengeka, koma waulesi amakudumpha.

Chachitatu ndi kusiyana kwa makina. Seva yatsopano ingakhale idakonzedwa mosiyana ndi yakale. Ena mwa makinawa sadziwa chilembo cha ŵ, kotero kuti dzina la Mbeŵe limatuluka ndi zizindikiro zosawerengeka pakati. Ena amasokonezeka ndi kachizindikiro ka m'maina onga Ng'oma, nadula dzinalo pakati kapena kukana mzere wonse. Tsiku lobadwa lolembedwa 03/04, limene kuno ndi 3 April, makina otsata kalembedwe ka ku America amaliwerenga 4 March. Nambala ya foni yoyamba ndi 0 ingathe kutaya 0 ameneyo, ndipo ndalama zotumizidwa pa nambala yoteroyo sizifika. M'dziko limene a Banda ndi a Phiri ali m'mudzi uliwonse, makina ouzidwa kuchotsa maina olembedwa kawiri angathe kusandutsa anthu awiri munthu mmodzi, ngati akuyang'ana dzina lokha osati nambala ya chiphaso.

Zolakwa zonsezi ziri ndi khalidwe limodzi: sizipanga phokoso. Makina amalemba kuti ntchito yatha bwino, katswiri amatseka chitseko, ndipo vuto limadzaonekera patapita miyezi, kumudzi, pa nkhope ya munthu wosauka. Mankhwala ake ndi omwe aja a mlimi: kuwerenga madengu. Ndipo chiwerengero cha dziko lonse kapena cha boma lonse sichikwanira, pakuti maina 100 otayika kwa Mfumu Chakhaza angabisike kuseri kwa maina 100 olembedwa kawiri kwa Mfumu Dzoole. Kuwerenga kuyenera kuchitika mfumu ndi mfumu: kwa Kayembe, kwa Msakambewa, kwa Chiwere, kwa Kalumo, kwa Nthondo, kwa Kasakula, mpaka kutsikira kwa magulupu ndi anyakwawa.

ZIMENE DZIKO LIDAONA KALE

Dziko lino laphunzira kale katatu, ndipo phunziro liri lonse lidali lowawa.

Mu February 1919 moto udatentha maofesi a likulu la boma la atsamunda ku Zomba, ndipo zolembedwa zambiri za zaka zoyamba za ulamuliro umenewo zidasanduka phulusa. Kufikira lero, ofufuza mbiri ya nthawi imeneyo amadalira makalata amene adatumizidwa ku London ndi amene amishoni adasunga. Chidapulumuka ndi chimene chidali ndi kope kwina. Phunziro lake nlakuti kaundula wokhala pa malo amodzi ali ngati chimanga cha mbeu chosungidwa m'nkhokwe imodzi ndi cha chakudya. Boma lidatsekula malo aakulu osungirako zolembedwa za pa kompyuta, a National Data Centre, ku Blantyre mu 2022, ndipo chimenecho ndi chinthu chabwino. Koma nyumba imodzi, ngakhale ikongole chotani, ingathe kupsa kapena kusefukiridwa ndi madzi. Kope lachiwiri liyenera kukhala kutali, ndipo liyenera kumayesedwa nthawi ndi nthawi, chifukwa kope limene silidatsekulidwepo ndi kale lomwe palibe adziwa ngati muli mbeu kapena mankhusu.

Mu 2013 kudavumbuluka kuba kwa ndalama za Boma kumene kudatchedwa Cashgate. Ofufuza mabuku a kampani ya Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September chaka chimenecho. Akubawo ankalowetsa malipiro achinyengo m'makina a IFMIS, macheke nkutuluka, kenaka nkufufuta zolembedwazo kuti mapazi asaoneke. Maiko othandiza adaimitsa chithandizo chao, ndipo amene adamva kuwawa ndi odwala m'zipatala ndi ana m'masukulu. Phunziro lake nlakuti si dzina liri lonse limatayika mwangozi. Nthawi ya msamuko ndi nthawi imene mbala imakonda, pakuti chosowa chiri chonse chimanamiziridwa makina. Nchifukwa chake mbiri ya amene adalemba, amene adasintha ndi amene adafufuta iyenera kusamuka pamodzi ndi kaundula, ndipo wokopera asakhale yemweyo wotsimikiza kuti zonse zafika.

Kumayambiriro kwa 2024 Nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko idaleka kusindikiza mapasipoti. Mu February chaka chimenecho, amene adali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalanda makinawo ndipo ankafuna dipo, limene Boma lidakana kupereka. Mabungwe ena adatsutsa, nanena kuti gwero la vutolo lidali kutha kwa pangano pakati pa Boma ndi kampani imene idakhazikitsa makinawo, pangano limene lidathetsedwa mu December 2021. Kusindikiza kudayambiranso mu March. Kaya olondola adali ati, chimene anthu adaona ndi chimodzi: kwa masabata ambiri Boma lidalephera kugwiritsa ntchito kaundula wake, ndipo ophunzira, amalonda, odwala ndi ofuna ntchito kunja adagwidwa njakata. Akulu akale adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kaundula amene mfungulo zake ziri m'manja mwa ena si wa Boma kweni-kweni. Pangano liri lonse ndi kampani ya makompyuta liyenera kunena poyera kuti zolembedwa ndi za a Malawi, kuti mau achinsinsi otsekulira seva adzasungidwa ndi ogwira ntchito m'Boma, ndi kuti pa tsiku losiyana kampaniyo idzapereka kaundula yense m'kalembedwe kamene makina ena angathe kuwerenga.

Asayerekeze wina kuti awa ndi mavuto a maiko osauka okha. Mu April 2018 banki ya TSB ya ku Britain idasamutsa zolembedwa za makasitomala ake kupita ku makina atsopano isanayese mokwanira. Anthu pafupi-fupi 1.9 miliyoni adalephera kufika ku ndalama zao, ena adaona mabuku a anthu ena, ndipo mu 2022 bankiyo idalipitsidwa chindapusa cha mapaundi oposa 48 miliyoni. Ngati eni chuma ndi akatswiri otere adaterereka, ofesi imene iri ndi katswiri mmodzi ndi jenereta yosowa mafuta iyenera kuponda mosamala koposa. Kuthamanga si kufika.

OTSUTSA ALI NDI MFUNDO

Alipo amene anganene kuti zonsezi zimadya ndalama ndi nthawi: kuyendetsa seva ziwiri mwezi wathunthu, kugula malo osungira kope lachiwiri, kutumiza alembi kumidzi kukatsimikiza maina. Nzoona, zimadya ndalama. Koma mtengo wa seva umalembedwa m'mabuku a Boma ndipo aliyense amauona, pamene mtengo wa dzina lotayika umalipiridwa ndi mlimi yekha mwakachete-chete, ndi miyendo yake ndi mimba ya ana ake. Chimene chikuoneka ngati kupulumutsa ndalama ndi kusenzetsa chabe katundu munthu amene alibe mphamvu yokanira.

Mfundo ina ndi yolemera koposa. Makope akachuluka, zitseko zolowera mbala zimachulukanso. Kaundula wokoperedwa pa kachipangizo ka m'thumba angathe kuiwalidwa m'minibasi, ndipo seva yakale yogulitsidwa isanafufutidwe imapita ndi zinsinsi za anthu mamiliyoni. Kwa anthu onga a ku Dzaleka, amene ena mwa iwo adathawa ofuna moyo wao, chinsinsi chotayika ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Yankho lake si kuleka kusunga makope, koma kuwawerenga ngati mfuti za ku polisi: adziwike kuti alipo angati, ali kuti, ndipo akusungidwa ndi yani. Akhale otsekedwa ndi mau achinsinsi, ndipo seva yakale, nthawi yake ikakwana, ifufutidwe kotheratu pamaso pa mboni. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act, lidayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo likusenzetsa udindo umenewu aliyense wosunga zolembedwa za anzake.

UDINDO WA ALIYENSE

Mlembi wamkulu wa unduna, bwanamkubwa wa boma ndi mkulu wa nthambi sayenera kudziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta kuti agwire ntchito yao. Ayenera kungodziwa kufunsa. Maina adalipo angati pochoka, ndipo afika angati? Kope lachiwiri liri kuti, ndipo lidayesedwa liti? Zinthu zikavuta Lolemba m'mawa, njira yobwererera ku seva yakale iripo? Mfungulo ziri ndi yani? Mkulu amene amachita manyazi kufunsa, poopa kuoneka wosadziwa pamaso pa achinyamata, akumbukire kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Asasaine chikalata chovomereza ntchito mpaka mayankho atalembedwa pa pepala.

Akatswiri a makompyuta nawonso ayenera kupatsidwa ulemu ndi mpata. Katswiri akapempha masiku atatu oyesera, asaumirizidwe kumaliza usiku umodzi chifukwa chakuti pali mwambo wotsekulira makina atsopano. Ndipo msamuko usaikidwe m'nyengo yogula feteleza kapena pafupi ndi zisankho, monga momwe mlimi sasamutsira chimanga mvula iri kugwa.

Mboni yomaliza si makina, koma mudzi. Kaundula wokhudza chithandizo cha anthu akasamutsidwa, maina a mudzi uliwonse asindikizidwe ndi kuwerengedwa pabwalo nyengo isanafike, kuti wosowa adziwike nthawi yokonza ikadalipo. Nyakwawa ya kwa Chikho kapena kwa Mkukula imadziwa anthu ake kuposa seva iriyonse. Atsogoleri a chipani a m'nthambi ndi m'madera athandize kumema anthu kuti afike pa misonkhano yotere, ndi kuperekeza okalamba ndi olumala ku ofesi kukakonzetsa maina ao. Koma adziwe malire a ntchito yao. Kaundula alibe chipani. Wofuna kulowetsamo mbale wake kapena kuchotsamo wotsutsana naye akuononga nkhokwe imene mawa adzadyamo iye mwini.

Makina atsopano adzapitirira kubwera, ndipo ndi bwino kuti abwere, pakuti dziko silingatukuke ndi mabuku odyedwa ndi chiswe. Koma makina atsopano sachotsa lamulo lakale limene alimi a ku Dowa ndi Ntchisi akhala akulisunga chaka ndi chaka. Madengu awerengedwe pochoka ndi pofika, mbeu ipachikidwe padera, mfungulo ikhale ndi mwini nyumba, ndipo nkhokwe yakale isakhudzidwe ndi nkhwangwa mpaka dzina lomaliza litapezeka m'malo mwake.